Tipatseni khoma loti tigwire, mapanga a Chongoni apume

Ulendo wanga womaliza ku Chentcherere ndinabwerako ndi chithunzi chimodzi chimene sindinachiike pa Facebook. Pathanthwe lomwe makolo athu anajambulapo ndi dothi loyera, wina analembapo dzina lake ndi khala, n'kuwonjezera la chibwenzi chake m'munsi mwake. Poyamba ndinapsa mtima, ndipo mpaka pano sindikumuikira kumbuyo, chifukwa malamulo oteteza zinthu zakale amaletsa khalidwe lotereli. Koma potsika phiri, mphepo ya Dedza ikundilowa m'mafupa, ndinayamba kumuganizira mnyamatayo. Anakwera mtunda wonsewo, n'kuima patsogolo pa zojambula zimene palibe anamufotokozera bwinobwino, ndipo ngati anamva mawu aliwonse, anali akuti "osagwira". Manja ake ankayabwa. Khala linali pafupi.

Maganizo anga ndi akuti Dedza ikufunika chionetsero chimene mlendo angagwire, kuyesa ndi kufunsa, osati kungoyenda manja kumbuyo ngati ali pamaliro. Koma ntchito yeniyeni ya chionetsero chotere ili kuseri, kumene alendofe sitifikako, ndipo kuseriko n'kumene ndikufuna tikambirane.

Tiyambe ndi chimene tili nacho. M'mapiri a Chongoni muli malo 127 okhala ndi zojambula za pamiyala, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Zojambula zofiira, zamizeremizere ndi zozungulira, ofufuza amati ndi za Akafula, alenje amene ankakhala kuno kalekale. Zoyera ndi za Achewa, ndipo zambiri n'zokhudza chinamwali ndi nyau. Ku Namzeze ukhoza kuzindikira kasiyamaliro pathanthwe. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti zoyerazo ankazijambula ndi chala. Chala chomwecho lero ndiye mdani wake: thukuta ndi mafuta a m'manja mwathu zimadya utotowo pang'onopang'ono, ndipo ena amafika pothirapo madzi kuti chithunzi chawo chituluke chowala. Chikafufutika, palibe mmisiri angachibwezeretse.

Vutoli si lathu lokha. Ku France kuli phanga la Lascaux, lomwe linatulukiridwa ndi anyamata anayi mu 1940. Alendo atachuluka, mpweya wawo wokha unayamba kuwononga zojambula, ndipo mu 1963 boma linatseka phangalo. Sanangotseka n'kukhala pansi ayi. Anamanga lina lofanana nalo chapafupi, lomwe linatsegulidwa mu 1983, ndipo anthu amapitabe kukaona, akudziwiratu kuti ndi lotengera. Ife sitingakwanitse ndalama za ku France, komanso sitikufunika kutseka Chentcherere. Koma khoma lozira ndi dothi, mbiya ya dothi loyera ndi ina ya lofiira, tingalephere zimenezo m'boma limene limatchuka ndi zoumbaumba? Mwana wa sukulu ajambule ndi chala chake pakhomapo, aone yekha kuti mzere wowongoka pamalo okakala si masewera, alembepo ngakhale dzina la chibwenzi chake ngati akufuna. Mawa wina azire, gulu lina liyambirenso. Akamakwera kuphanga lenileni, manja ali atayabwa kale n'kupola.

Pofika apa zikumveka zophweka, eti? Tsikani msewu wa Khwekhwerere mupite ku Mua, muone pamene nkhani imavutira.

Mishoni ya Mua inakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers mu 1902. Mu 1976 bambo Claude Boucher, wansembe wa ku Canada yemwe anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni, ndipo kumeneko kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare. Muli mbiri ya mishoniyo, chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao, komanso zigoba za gule wamkulu mazanamazana. Ukalowa m'chipinda cha gulemo, phokoso lonse umabwera nalo limatha lokha. Chadzunda, Maliya, Simoni, onse akukuyang'ana.

Mlendo amaona zigoba. Chimene saona ndi zaka zimene zinapita kuti chigoba chilichonse chikhale ndi dzina ndi tanthauzo lake. Panafunika wina woyenda m'midzi, kukhala pamaliro ndi pazinamwali, kumvetsera nyimbo, kufunsa akuluakulu, kubwererakonso kukafunsa kachiwiri chifukwa mudzi uno ukunena zina, mudzi uko zina. Buku la bambo Boucher lotchedwa When Animals Sing and Spirits Dance, lomwe linatuluka mu 2012, ndi chipatso cha ntchito imeneyo, ndipo ntchito yotere munthu saigwira yekha: kumbuyo kwake kuli eni gule amene anavomera kulankhula. Palinso ntchito ina yosatchuka. Chigoba ndi mtengo, nthenga, chikopa, khonje ndi nsanza, zonse ndiwo za chiswe ndi njenjete. Popanda munthu wochotsa fumbi, woyang'ana denga mvula isanayambe, wozindikira msanga kaufa kamene kagwa pansi pa chosema, zaka zochepa chabe mupeza mulu wa zinyalala. Munthu ameneyo sadzatuluka pa TikTok ya wina aliyense.

Tsono tiyerekeze kuti bungwe lina labwera ndi ndalama, likuti tipange chionetsero chamakono choti achinyamata azitenga nawo mbali. Ndikudziwa malingaliro amene angatuluke m'chipinda cha msonkhano ku Lilongwe, chifukwa anzanga amene tinaphunzira limodzi za kufalitsa nkhani ndi amene angakhale mmenemo. Wina anena kuti alendo azivala chigoba n'kudzijambula. Wina anena kuti tipange kafyuluta ka pa foni koti nkhope yako izisanduka ya Simoni. Wina afuna vidiyo yoonetsa zakudambwe, poti zakuseri ndi zimene zimayenda malonda pa intaneti. Onsewo ndi malingaliro okoka anthu, ndipo onsewo akhoza kutseka pakamwa pa akuluakulu amene anatsegula mitima yawo kwa zaka zambiri.

Gule wamkulu si chinthu chakufa chimene tinachipeza m'phanga. UNESCO inamulengeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, koma eni ake alipo, m'Malawi muno, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo akuvinabe pamaliro, paziliza ndi polonga ufumu. Ali ndi malamulo a chimene wosameta angaone ndi chimene sangaone. N'chimodzimodzi zojambula za chinamwali ku Chongoni: matanthauzo ena ndi a kutsimba, ndipo anamkungwi sawatchula pabwalo. Ine ndine mtolankhani, ntchito yanga ndi kufukula zobisika, ndipo ndimakayikira aliyense wondiuza kuti "izi si zofunsa". Nthawi zina mawu akuti mwambo amabisa nkhanza, monga pamene ana asiyitsidwa sukulu kapena odutsa m'njira amenyedwa, ndipo pamenepo tiyenera kulemba mosaopa. Koma chinsinsi cha tanthauzo la chojambula sichipweteka munthu. Ndi cha eni ake, ngati mmene mauthenga a mufoni mwanu alili anu.

N'chifukwa chake ndikuti msonkhano woyamba wa chionetserochi usachitikire kuhotela. Uchitikire pansi pa mtengo, pakhale mafumu a m'derali, anamkungwi, eni madambwe, osema ziboliboli, aphunzitsi ndi achinyamata amene amalondolera alendo kumapanga. Iwowo anene: ichi agwire, ichi aone koma asagwire, ichi amve koma asajambule, ichi chisatuluke n'komwe. Akatswiri a nthambi ya boma yoona zinthu zakale abweretse nzeru ya kasungidwe. Ife a mafoni tibwere pomaliza, kudzafunsa kuti pa zimene mwalolazi, tingathandize bwanji.

Ndipo zololedwa n'zambiri kuposa mmene timaganizira. Ng'oma ukhoza kuigwira, n'kuphunzira kusiyana kwa mbalule ndi mpanje, n'kumva manja ako akulephera zimene mwana wa m'mudzi amachita akuseka. Sompho ndi kachidutswa ka mtengo ukhoza kuzigwira pamaso pa mmisiri. Dongo ukhoza kuliponda. Nthano ukhoza kuimva kuchokera pakamwa pa gogo amene wavomera kujambulidwa mawu, n'kuitengera mufoni popanda kuwononga bandulo yambiri. Zonsezi sizifuna masikirini akuluakulu ogwiragwira, amene magetsi akathima amasanduka magalasi odziyang'anira, ndipo akawonongeka timadikira munthu wochokera ku Johannesburg.

Pa ndalama ndiyankhule mosapita m'mbali. Mapulojekiti athu ambiri amakhala ndi ndalama ya mwambo wotsegulira, ya malaya olembedwa ndi ya mafuta a galimoto za alendo olemekezeka, koma mzere wa malipiro a munthu amene adzazire khoma lija Lolemba lililonse umasowa. Gogo wa nthano uja timamupatsa botolo la zoziziritsa kukhosi ndi "zikomo kwambiri". Wolondolera alendo amadalira kuti mwina mzungu amugwira m'manja. Kenako timadabwa kuti patatha chaka chimodzi chitseko n'chokhoma. Ngati bajeti ya chionetsero ilibe malipiro a anthu amenewa kwa zaka zingapo, ndibwino ndalamazo zikakonze njira yopita ku Mphunzi.

Inu amene mukuwerenga izi pafoni, ambiri mwa inu mwadutsa pa Dedza kangapo, mwagula kachewere m'mbali mwa M1, koma simunapatukepo. Patukani. Lipirani wokulondolerani musanamufunse kuti akujambuleni. Ku Mua funsani kaye musanatulutse foni, ndipo akakana, ibwezeni m'thumba. Ine ndikabwererako mwezi wa June, nthawi imene kuzizira kumathamangitsa alendo, ndi botolo la madzi akumwa okha. Dzina la mnyamata uja sindikalifufuta, chifukwa kupukuta khala pathanthwe lotere ndi ntchito ya katswiri: wosadziwa amachotsa khala pamodzi ndi chojambula chimene chili pansi pake.