Makiyi a Rauta ya Sukulu Asunge Ndani?

Inu amene mukuphunzira ntchito ya uphunzitsi mwalangizidwa kale za kusamala kaundula, kusunga mabuku m'kabati ndi kutseka ofesi poŵeruka. Koma pali khomo lina limene ambiri a ife timalisiya pululu chifukwa silioneka ndi maso. Ndikunena kabokosi kaja kotchedwa rauta, kamene kamamwaza intaneti m'mlengalenga kuti mafoni ndi makompyuta a pasukulu azitola popanda nthambo. Maganizo anga ndi akuti kutseka khomo limeneli ndi ntchito ya mphunzitsi, osati ya mmisiri amene adabwera tsiku limodzi, napachika kabokosiko, n'kubwerera ku Blantyre.

Mu 2022 ndidapita kukayendera ophunzira athu amene ankayeserera kuphunzitsa pa sukulu ina ya m'boma la Chikwawa, chakufupi ndi Kapichira. Mukukumbukira kuti mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana adagumula damu la pa Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo makina a EGENCO opanga magetsi okwana mamegawati 129.6 adaima mpaka 2023. Magetsi ankazimazima dziko lonse, ndipo okhala pafupi ndi mathithiwo sadasiyane ndi anzawo. Tsono rauta imatenga kanthaŵi kuti idzuke bwino magetsi akabwera. Mphunzitsi wina, poona kuti intaneti ikuchedwa, adatenga singano natosa kabowo ka kumbuyo kolembedwa Reset, poyesa kuti akuchiza matenda. Intaneti idabweradi, koma kabokosiko kadaiŵala zonse zimene mmisiri adaikamo. Kadabwerera ku pasiwedi ya kufakitale, yolembedwa pa kapepala ka kunsi kwake, imene mwana aliyense wotumidwa kukatenga choko angaŵerenge. Posakhalitsa anyamata a m'mudzi adayamba kusonkhana madzulo pansi pa mtengo wa kuseri kwa ofesi, n'kumaonera mpira pa mafoni, ndipo bandulo imene komiti idagula kuti ikwane mwezi idatha mwezi usadafike pakati. Aphunzitsi aakulu adakalipira anyamatawo. Ine sindidaone mlandu wawo kwenikweni, pakuti mbuzi siidziŵa malire a munda wopanda mpanda.

Rauta ili ndi makiyi aŵiri, ndipo aphunzitsi ambiri amadziŵa imodzi yokha. Yoyamba ndi pasiwedi ya Wi-Fi, imene munthu amalemba pa foni kuti alumikizidwe. Yachiŵiri ndi pasiwedi ya woyang'anira, yoloŵera m'kati mwa rauta momwe mumasinthidwira zonse. Mumafikako polemba pa kompyuta nambala yosindikizidwa kunsi kwa kabokosiko, kaŵirikaŵiri 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Marauta ambiri amachoka ku sitolo ali ndi liwu loti admin ngati dzina ndiponso ngati pasiwedi. Amene wagwira kiyi yachiŵiriyi angathe kusintha yoyamba ija ndi kutsekera kunja aphunzitsi aakulu amene. Choncho yambani ndi imeneyi, ndipo makiyi aŵiriŵa asafanane.

Mukaloŵa m'katimo mudzapeza malo osankhira mtundu wa loko. WEP ndi loko wakale amene akatswiri adaonetsa mu 2001 kuti ngwosavuta kuthyola, musamukhudze. Sankhani WPA2, imene idabwera mu 2004, kapena WPA3 ya 2018 ngati zipangizo za pasukulu zikuilola. Pasiwedi ya WPA2 imayambira zilembo 8 kulekeza 63, koma kuima pa 8 ndi ulesi. Dzina la sukulu lotsatana ndi chaka ndicho chinthu choyamba chimene mnyamata wochenjera amayesa. Lumikizani mawu anayi a Chicheŵa osagwirizana tanthauzo. Ngosavuta kukumbukira, koma ngovuta kulota. Zimitsaninso chotchedwa WPS. Mu 2011 kudadziŵika kuti nambala yake ya manambala 8 imayesedwa m'zigawo ziŵiri, kotero kuti makina angaipeze poyesa kosapitirira 11,000, ngakhale pasiwedi yanu italika motani.

Ena amakhulupirira kwambiri mndandanda wa MAC, ndiye kuti kulemba nambala ya chipangizo chilichonse chololedwa, monga timaitanira maina m'kalasi. Nkothandiza pa makompyuta a sukulu, koma si loko. Nambala imeneyi munthu angathe kuibera, monga mwana amayankhira "Ndilipo" m'malo mwa mnzake wojomba, ndipo mafoni a masiku ano amadzipangira nambala yongopeka pa netiweki iliyonse. Kubisa dzina la netiweki nakonso ndi kudzinamiza chabe.

Ndikudziŵa chimene ena a inu mukunena mumtima. Sukulu ndi ya mudzi. Makolo ndiwo adaumba njerwa ndi kututa mchenga. Nanga kumana ana awo intaneti si umbombo? Funso limeneli nlolemera, ndipo sindilipeputsa. Mnyamata amene adalemba mayeso a Fomu 4 ndipo akufuna kufunsira malo ku koleji alibe kwina koloŵera. Koma taonani anansi athu a ku Majete, nkhalango imene African Parks idayamba kuyang'anira mu 2003. Adamanga mpanda, koma mpandawo uli ndi zipata, ndipo anthu a midzi yozungulira amaloledwa pa nyengo yake kukamweta udzu wofolera. Marauta ambiri ali ndi chipata chotere, netiweki ya alendo, yokhala ndi pasiwedi yakeyake. Mlendo amafika pa intaneti, koma safika pa kompyuta ya mu ofesi. Marauta ena amalolanso kuika maola ndi kuchepetsa liŵiro la alendowo. Komiti ya sukulu ikhale pansi ndi amfumu, agwirizane masiku ndi maola, ndipo anene poyera amene azilipira bandulo. Kugaŵa kwa dala kotere ndiko ndikukuvomereza. Chimene ndikukana ndi kuchucha kwa usiku, kumene kumapindulira okhala pafupi ndi ofesi okha, pamene mphunzitsi wa Sitandade 8 akusoŵa potsitsira mapepala a mayeso akale m'maŵa mwake.

Si bandulo yokha imene ili pa ngozi. Mu kompyuta ya mu ofesi muli malikisi a ana, mafunso a mayeso a kumapeto kwa teremu, ndi maina a ana amasiye olandira thandizo. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act limaletsa kuloŵa m'makompyuta a eni popanda chilolezo, koma palibe mphunzitsi wanzeru amene angakonde kutengera mwana wa mnansi wake ku polisi. Lamulo la Data Protection Act la 2024 ndilo likuloza ife, pakuti limaika udindo pa wosunga mbiri za anthu kuti aziteteze.

Chotsala ndi mwambo wa pasukulu. Rauta ikhale m'chipinda chokhoma, pamwamba, pomwe singano siifika wamba. Makiyi aŵiri aja alembedwe m'kope losungidwa m'kabati ya aphunzitsi aakulu, ndipo aphunzitsi aŵiri adziŵe kukonzanso zonse, kuti wina akasamutsidwa sukulu isakhale pa dzuŵa. Foni ya lero imatha kuonetsa pasiwedi ngati chithunzi cha QR chimene mnzako amangojambula, motero pasiwedi yopatsidwa kwa anthu khumi siikhala ya khumi nthaŵi yaitali. Isinthidwe teremu iliyonse, ndiponso pochoka munthu aliyense amene adaidziŵa. Apa ndikuphatikizapo inu. Tsiku lomaliza la kuyeserera kwanu, pobweza choko ndi mabuku a sikimu, kumbutsani aphunzitsi aakulu kuti pasiwedi ya sukulu idakali m'foni mwanu, ndipo muwathandize kuisintha musadakwere njinga.