Motoka ikakamba, iwe mvera

Mnzanga wina DJ ali na German machine yotsitsidwa pansi, ma rim akuluakulu, exhaust yolira monga bingu. Mwezi wa October tinanyamuka pa Lusaka kupita ku Petauke, kumwambo wa Tuwimba wa Ansenga kwa Mfumu Kalindawalo. Ine nchito, iye kuonetsa motoka.

Titangowoloka Luangwa Bridge, kuyamba kukwera mapiri a ku Kacholola, dashboard inalira: coolant yachepa. Iye anangokweza volume. “Boi, ni sensor chabe iyi, imanama. Two weeks manje.” Anali ataganiza kale zomata tepi pamenepo kuti isamamusokoneze.

Apa mpamene ambiri timagwera. Uthenga wa coolant na nsonga ya temperature si cinthu cimodzi. Uthenga ukamba za kuchuluka kwa manzi mu tanki, nsonga ikamba za kutentha. Nsonga ikhoza kukhala pakati bwinobwino pamene manzi akutha pang'onopang'ono, ndipo ikadzakwera kufika pa red, head gasket ikhoza kukhala kuti yapita kale. Ma sensor amafa, inde. Koma sensor uiimba mlandu pothera, osati poyamba.

Pa Nyimba tinaima pogula nthochi, monga aliyense wodutsa Great East Road. Mnzanga anatsegula bonnet, dzanja lilunjika pa cap. Amayi ogulitsa nthochi ndiwo anakuwa: “Imwe atate, muzapsa kumaso!” Anali kunena zoona. Manzi a mu engine yotentha amakhala pa pressure, amapitirira madigiri 100 osawira. Ukatsegula cap, amawira nthawi yomweyo n'kukuthira. Tinadya nthochi, tinadikira pafupifupi ola. Tanki inali pansi pa mzere wa minimum. Sensor sinali kunama.

Tinathirako manzi a m'botolo n'kuyenda pang'onopang'ono, ma window otsegula, aircon off. Mu October. Sinifuna kukumbukira.

M'mawa ku Petauke, engine itazizira, mudala wina makaniko anayamba na oil: anaona pansi pa cap ngati pali zoyera monga mkaka, anayang'ana utsi wa exhaust ngati ni woyera. Kulibe. Head gasket yapulumuka. Ndiye anafunsa funso limodzi: “Mwasintha ciani posacedwa?” Radiator. Mnzanga anaikitsa ya aluminium kwa anyamata ena mu Lusaka, milungu iwiri yapitayo. Two weeks imodzimodzi ija.

Mudala anamanga pompi ya dzanja pa tanki n'kupopa. Posakhalitsa kadontho kanaoneka pa hose ya pansi, pamene clamp sinamangidwe bwino. Kanali kudontha pokhapokha engine ikatentha, n'kuuma pomwepo, so pansi pa motoka sipanali kuoneka ciliconse, koma kachizindikiro koyera monga mchere. Anamanga clamp yatsopano, anatulutsa mpweya wotsalira mu system heater ili pa hot, n'kuthira coolant yosakaniza theka na theka na manzi a distilled. Anatikaniza manzi a pa borehole: amasiya miyala na dzimbiri mu radiator.

Zonse pamodzi sizinakwane mtengo wa crate ya Mosi. Engine ya motoka ija, mnzanga akanagulitsa ma speaker onse.

Pobwerera tinaimanso pa Nyimba. Anagula mkoko wathunthu wa nthochi kwa amayi aja, osanenerera mtengo.