Ayi, pa Discord si pogamulira nkhani

Pali mawu amene afala pakati pa achinyamata olemba mapulogalamu a kompyuta. Akuti gulu lililonse la open source, lija lopanga pulogalamu yomwe aliyense angaione m'kati ndi kuisintha, lisamukire pa malo ochezera a Discord kapena Slack chifukwa n'kumene kuli anthu. Imelo ati ndi ya agogo. Ife tikukana.

Kukoma kwake sitikutsutsa. Mlendo akafunsa funso pa Discord, amayankhidwa tiyi asanazizire. Koma yankholo limathera kuti? Google saliona. Mawa wina afunsanso zomwezo, mkuja winanso, mpaka odzipereka kuyankha mafunsowo atatopa. Pa Slack ndiye pali zoposa apa: kuyambira Seputembala 2022, amene salipira amangoona mauthenga a masiku 90 apitawa, ndipo kuyambira 2024 mauthenga awo opitirira chaka amafufutidwa. Mwini nyumba ndi Salesforce, yomwe inagula Slack mu 2021 pa madola 27.7 biliyoni. Wotaya ndalama zoterezi sakusungirani makalata anu mwachifundo. Ndinu a lendi basi.

Taonani Linux. Uthenga umene Linus Torvalds analemba pa Usenet pa 25 Ogasiti 1991, wolengeza ntchito yake, ukuwerengekabe lero. Mpaka pano zosintha zambiri za Linux kernel zimayenda pa imelo, ndipo mikangano yake imasungidwa poyera pa lore.kernel.org. Ukafuna kudziwa chomwe mzere wina wa pulogalamuyo unalembedwera motero zaka 15 zapitazo, ufufuza ndipo upeza amene anatsutsa ndi chifukwa chake.

Chimene okonda macheza achangu amaiwala kwambiri ndi nthawi. Ku Apache Software Foundation, chigamulo chimayenera kudutsa pa imelo ya gulu, ndipo voti imakhala yotsegula kwa maola osachepera 72. Ena amati uku n'kuzengereza. Tiyerekeze mtsikana wa ku Zomba amene amathandiza pa pulojekiti yomwe ambiri ake ali ku San Francisco. Iwo akamachezerana madzulo, iye ali m'tulo. Kukacha mwina magetsi azima, mwina bandulo yatha. Pamene akutsegula foni, apeza mauthenga mazanamazana osakanikirana ndi nthabwala, nkhani yomwe ikumukhudza itagamulidwa kalekale. Maola 72 aja ndi mpando wake pabwalo. Imelo amaitsitsa kamodzi, n'kuiwerenga popanda intaneti, n'kuyankha ataganiza bwino. (Kunena zoona, ena a ife timayankha zanzeru pokhapokha titagona kaye.)

Wina atikumbutsa za Freenode, ndipo ali ndi mfundo. Kwa zaka zambiri magulu a open source ankachezera pamenepo kudzera pa IRC, njira yakale yopanda mwini. Mu Meyi 2021 odzipereka oyendetsa Freenode anatula pansi udindo atasemphana ndi Andrew Lee pa za umwini, n'kuyambitsa Libera Chat. Zoona, ngakhale njira yotseguka ikhoza kukusiyani padzuwa. Koma magulu a Ubuntu, Gentoo, Arch Linux ndi Wikimedia anasamuka m'masiku owerengeka, aliyense ndi pulogalamu yomwe ankagwiritsa ntchito kale, atangosintha adiresi. Discord ikakutsekerani chitseko, palibe Discord ina yoti musamukireko.

Ndiye macheza alekeke? Ayi. Mozilla inatseka IRC yake mu 2020 chifukwa inkavuta alendo, koma inasankha Matrix, njira yomwe gulu lingathe kudziikira seva yakeyake. Amene mtima wawo uli pa Discord acheze ndithu, alandirirepo alendo, aseke. Koma mukagwirizana kuchotsa mbali ina ya pulogalamu kapena kusintha layisensi, wina atenge nkhaniyo akailembe poyera, pomwe Google ifika, ndipo mudikire masiku atatu kuti wa ku Zomba uja ayankhe.