LUSO PAKHOMO: Mpando woti agogo aziswalirapo



Abale ndi alongo anga m'Chisilamu, ulendo uno tikambirana za mpando. Ena adabwa kuti nkhani ya mpando ikudzatani m'magazini ya Chisilamu. Koma tayang'anani kumapeto kwa mizere tsiku la Jumu'ah, mupeza madala awiri kapena atatu akuswali atakhala pa mipando ya pulasitiki. Kunyumba nako agogo aakazi amene maondo anawakana amaswalira m'mphepete mwa bedi, mwinanso pa chigubu cha madzi. Pulasitiki ikakhalitsa padzuwa la kunyanja kuno imauma n'kuthyoka mosachenjeza, ndipo munthu wokalamba akagwa n'kuvulala m'chiuno, kawirikawiri kuyenda kwake sikubwereranso mwakale.

Chipembedzo chathu sichinamuiwale munthu wodwala. M'buku la Hadith la Imam Bukhari timawerenga za Swahaba Imran bin Husain (RA) amene anadandaula kwa Mtumiki Muhammad (SAW) za matenda ake. Mtumiki anamulangiza kuti aziswali choimirira, akalephera aziswali chokhala, akalepheranso aziswali chogonera m'mbali. Chilolezochi ndi cha amene walepheradi. Amene angathe kuimirira aimirire pa gawo loimirira, ndipo amene angathe kufikitsa chipumi pansi achite sajda yake pansi. Ngati mukukaika, kafunseni kwa Shehe wa pamzikiti panu. Koma kwa kholo limene mpando wasanduka chofunikira, udindo wopeza mpando wabwino ndi wa ife ana ake.

Ntchito ya matabwa si yonyozeka. Imam Muslim analemba kuti Mneneri Zakariya (AS) anali kalipentala, ndipo mimbari ya masitepe atatu imene Mtumiki (SAW) ankaimirirapo ku Madina inakhomedwa ndi kalipentala wa mumzindamo. Choncho mnyamata amene amagwira sowo ndi tchizulo asadzione wotsalira.

Kwathu kuno mpando wosema wodziwika kwambiri ndi uja amautcha wa mfumu, umene amagulitsa cha ku Liwonde ndi m'malo ofikira alendo kunyanja. Ndi wa matabwa awiri okha, lina limalowa m'bowo la linzake. Ndi wabwino kupumirapo madzulo, koma ndi waufupi ndiponso wopendekera kumbuyo, moti wodwala maondo akakhalapo amafuna womudzutsa. Kwa agogo tifuna mpando wa miyendo inayi, wokhala ndi potsamira msana ndi poika manja.

Mapulani a mipando yotere akupezeka m'mabuku a ukalipentala ndi pa intaneti. Ambiri mwa mapulani a mipando yosema amatsanzira kapangidwe ka Sam Maloof, mmisiri wa ku California amene anamwalira m'chaka cha 2009. Iye anatchuka ndi mipando yosalala ngati youmba ndi dothi, makamaka ija yogwedezeka. Pulani ndi chinthu chothandiza, chifukwa imakuonetsani kukula kwa chidutswa chilichonse ndi kalumikizidwe kake. Koma amene anaijambula sanawaonepo agogo anu. Iye ankaganiza za munthu wofuna kupuma, pamene inu mukuganiza za munthu wofuna kuwerama pamaso pa Mulungu kasanu pa tsiku. N'chifukwa chake pali zoyenera kusintha, komanso pali zina zosayenera kuzikhudza.

Choyamba kusintha ndi kutalika. Mapulani ambiri amaika pokhalira pa masentimita 43 mpaka 45 kuchokera pansi, ndipo ngati alemba m'mainchesi, kumbukirani kuti inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Musanadule thabwa lililonse, akhazikeni agogo pa bokosi lolimba opanda nsapato, monga mmene amakhalira poswali. Onjezani matabwa pabokosipo mpaka mapazi aponde pansi bwinobwino ndipo maondo alingane ndi chiuno. Wodwala maondo amadzuka mosavuta mpando ukatalikirako pang'ono, koma mapazi asalendewere. Yezaninso kuchokera kumsana kufika kuseri kwa bondo, ndipo muchotsepo zala zitatu kuti m'mphepete mwa mpando musamawadinde.

Chachiwiri ndi kupendekera. Pa pulani pokhalira pamakhala popendekera kumbuyo ndiponso pokumbidwa mozama. Munthu woswali chokhala amaweramira kutsogolo pa ruku, ndipo pa sajda amawerama kwambiri kuposa pa ruku. Akakhala m'dzenje lozama sangathe kuchita zimenezi popanda kudzikakamiza. Choncho pokhalira pakhale pafupifupi molingana. Pa thabwa lochindikala masentimita 5, kumbani ndi kasemasema osapitirira sentimita imodzi ndi theka, kenaka musalaze ndi sandipepa. M'mphepete mwa kutsogolo muzungulitse. Ngati pulani ili ndi timatabwa topindika tam'munsi togwedezera mpando, tisiyeni. Mpando woswalirapo uyenera kuima nji.

Chachitatu ndi poika manja. Pakhale masentimita 20 mpaka 23 pamwamba pa pokhalira, ndipo pathere pamwamba penipeni pa miyendo yakutsogolo. Agogo akamadzuka amatsamira ndi thupi lonse pamenepo. Pakapitirira miyendo, mpando ukhoza kugudubukira kutsogolo.

Tsopano zosayenera kuzikhudza. Mphamvu ya mpando ili polumikizira, pamene nsonga ya thabwa lina imalowa m'bowo la linzake. Amisiri ena ofulumira amasiya kuboola n'kungokhoma misomali, ndipo pakatha miyezi yochepa mpando umayamba kulira. Tsatirani pulani pa kukula kwa bowo ndi nsonga yake. Lumikizani mpando wonse kaye popanda guluu kuti muone ngati zonse zagwirana. Kusema kwa pafupi ndi polumikizira kuchitike mutamata kale, ndipo musapepuze malo amenewa pofuna kukongoletsa. Mukatalikitsa miyendo kuposa mmene pulani yanenera, ikani mitanda m'munsi yogwirizitsa miyendoyo. Miyendo yakumbuyo imakhala yokhota, ndiye jambulani kaye pa katoni muyeso wake weniweni, mudule, ndipo poika katoniyo pathabwa muonetsetse kuti mitsempha ya mtengo ikutsata kutalika kwa mwendo. Mwendo wodulidwa mopingasa mitsempha umathyoka ngati chinangwa. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Pa nkhani ya zokongoletsa, mipando yambiri yogulitsa kwa alendo imasemedwa njovu, mikango ndi nkhope za anthu. Munthu wina wokhalira kupanga zithunzi anapita kwa Ibn Abbas (RA) kukafunsa za ntchito yake. Iye anamuchenjeza za kupanga zifanizo za zamoyo, koma sanamuuze kuti ataye zida zake. Anamulangiza kuti azipanga mitengo ndi zinthu zina zopanda mzimu. Langizo limeneli ndi lathunso. Masamba a mgwalangwa, ngala za mpunga, mafunde a nyanja ndi mizere yolukana ngati ya pa mkeka, zonsezi zimakongoletsa mpando mokwanira. Ma Ayah a Qur'an ndi maina a Allah asalembedwe pampando, pakuti ndi chinthu chokhalira ndi kutsamira. Zosemazo zikhale kuseri kapena pamwamba pa potsamira, kuti pokhudza msana pakhale posalala.

Za matabwa, mlombwa ndi mbawa ndiyo imasemeka bwino ndi kukhalitsa. Pa mlombwa sankhani chapakati chofiirira, chifukwa choyera cha m'mbali chimafumbwa msanga. Koma tonse tikuona mmene mitengo imeneyi yathera m'mapiri mwathu. Kudula mitengo m'nkhalango zotetezedwa popanda chilolezo ndi mlandu pa malamulo a za nkhalango a dziko lino, ndipo Msilamu sangakondwe kuswalira pa thabwa lakuba. Gulani kwa ogulitsa ovomerezeka, kapena gwiritsani ntchito chitseko chakale ndi bedi lothyoka, pakuti matabwa ake ndi ouma kale. Malaina nawo amasemeka bwino, kungoti ndi ofewerapo, choncho miyendo yake ichindikale. Thabwa laliwisi musalikhulupirire. Amisiri amawerengera pafupifupi chaka chimodzi choumitsa pamthunzi pa inchi iliyonse ya kuchindikala kwake. Mukafulumira, kutentha kwa mu Okutobala kudzaumitsa thabwalo mpando utatha kale, ndipo polumikizira ponse padzakhwepa.

Ngati pakhomo panu palibe wodziwa ntchitoyi, tengani pulani ndi miyeso ya agogo mupite nazo kwa kalipentala, ndipo mugwirizane mtengo ntchito isanayambe. Ana a ku madrassa asatsale. Wina agwire tepi, wina alembe manambala, wina asalaze ndi sandipepa. M'kalasi timawaphunzitsa kuti Qur'an, mu Surah Al-Isra, yaika kuchitira zabwino makolo pafupi ndi kupembedza Mulungu Mmodzi yekha, ndipo yatchula makamaka nthawi ya ukalamba wawo. Phunziro limeneli mwana amalimvetsa bwino akaona bambo ake atagwada pansi kuyeza bondo la agogo.

Allah awachepetsere ululu makolo athu odwala, alandire Swala zawo, ndipo adalitse manja a amisiri athu. Ameen. Tidzakumanenso m'kope likudzalo, Insha Allah.

Wassalaam Alaikum.