Mpanda wa Mkungudza: Tiyambe Taganiza

Amayi anzanga, tikapita ku Zomba kapena ku Dedza timasirira mipanda yobiriwira ya mkungudza. Zoonadi, mtengowu umakula msanga, ndipo umatchinga mphepo ndi fumbi. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mkungudza ngwa kumapiri kozizira. Kuno ku Matope, m'mbali mwa Shire, umalira kuthirira, ndipo osenza ndowazo ndife tomwe. Mizu ndi mthunzi wake zimapondereza ndiwo zobzalidwa pafupi. Tisaiwalenso nsabwe za mitengo zimene zinafika m'Malawi mu 1986 nkuumitsa mikungudza yambirimbiri.

Bwanji mvula ikagwa tibzale cham'mwamba mondondozana? Chimapirira chilala, ndiponso masamba ake ndi ndiwo zopatsa ana thanzi. Mpanda wabwino uzitidyetsanso.