Badminton amawina ndi miyendo

Anthu ambiri akagwira raketi koyamba amangofuna kukwapula. Kampira ka nthenga kakangokwera m'mwamba, iwo ndi mphamvu zonse, phwaa! Kenako kagwera pa neti kapena kunja kwa mzere, mpweya nawo wawathera. Ine ndimanenetsa kuti badminton amawina ndi miyendo, mkono umabwera pambuyo.

Bwalo lake ndi lalitali mamita 13.4, ndipo m'lifupi ndi mamita 5.18 posewera mmodzimmodzi kapena 6.1 posewera awiriawiri. Mbali yanu imaoneka yaing'ono, komatu ili ndi ngodya zinayi, ndipo mnzanu wochenjera adzakuzungulitsani m'ngodya zonsezo. Amayamba ndi kukankhira kampira m'mwamba mpaka kumzere wakumbuyo. Mukathamangira kumeneko, amangokagwetsa mofatsa kuseri kwa neti, inu muli kutali. Choncho mukangomenya, bwererani pakati msanga, mawondo opinda pang'ono, thupi litatsamira ku zala za kumapazi, raketi ili patsogolo. Woima n'kumaonerera mpira umene wamenya ndiye kuti pointi wapereka kale.

Kampirako nako kali ndi khalidwe lakelake. Kali ndi nthenga 16 za tsekwe kapena bakha, ndipo kamalemera pafupifupi magalamu 5. Kamachoka pa raketi ndi liwiro loopsa: mu 2023 Satwiksairaj Rankireddy wa ku India anakamenya pa liwiro la makilomita 565 pa ola. Koma nthenga zija zimagwira mphepo, kampira n'kufooka msanga. N'chifukwa chake kukwapula muli kumbuyo kwenikweni kwa bwalo, musanaime bwino, ndi kutaya mphamvu pachabe. Fikani pansi pa kampira kaye. Raketi igwireni ngati mukupereka moni wa padzanja, osaifinya, kuti zala ndi pamfundo ya dzanja zigwire ntchito.

Chiyambire 2006, mpira uliwonse ukafa wina amapeza pointi, kaya anaseva ndani. Mphulupulu iliyonse ndi mphatso kwa mnzanu.

Phindu la m'thupi limachokera ku miyendo komweko. Kunyamuka mwadzidzidzi, kutambasula mwendo kukatola kampira pafupi ndi neti, kubwerera cham'mbuyo, kudumpha, zonsezi zimathamangitsa mtima, zimalimbitsa ntchafu ndi msana, ndipo maso ndi dzanja zimazolowera kugwirizana. Palibe kugundana, moti bambo wachikulire angathe kusewera awiriawiri ndi mwana wake, onse n'kutuluka thukuta. Chokhacho, musalowe m'bwalo musanatenthetse thupi. Akakolo ndi mtsempha wa kumbuyo kwa chidendene ndi amene amavulala kwambiri m'masewerawa, makamaka pa nsapato zoterera.

Panja mphepo imakokera kampira kumene ikufuna, ndiye masewerawa amafuna holo, ndipo maholo a masukulu ndi matchalitchi ambiri amakhala otseka masana. Aphunzitsi a masewera, mangani neti m'menemo, ndipo anawo muyambe mwawaphunzitsa kayendedwe ka miyendo musanawaphunzitse kukwapula.