Penshoni ya ku Britain imafika itagumuka

Anamwino ambiri amene adachoka m'zipatala za m'dziko muno m'zaka za m'ma 2000 kupita ku Britain tsopano akuganiza zobwerera kumudzi kudzadya penshoni. Abale ayamba kale kuwerengera mapaundi, koma asafulumire kuumba njerwa.

Kukhala ku Dedza kapena ku Mzimba sikufufuta dzina la munthu m'kaundula wa HMRC, bungwe lotolera misonkho ku Britain. Penshoni yochokera kumeneko itha kudulidwa msonkho isanafike kuno. Chowawa kwambiri n'chakuti penshoni ya boma la Britain siikwera chaka ndi chaka kwa wokhala ku Malawi. Imaima pomwe idali posamuka, chonsecho mnzake wopita ku Jamaica kapena Mauritius amamuonjezera. Komatu onsewa adakhetsa thukuta limodzi.

Pangano loletsa kudula msonkho kawiri pakati pa maiko awiriwa lidasainidwa mu 1955, dziko lino likadali Nyasaland, nthawi ya chitaganya. Boma likuyenera kukambirananso ndi Britain, ndipo nkhani ya opuma pantchitowa isasiyidwe pambali, pakuti ndalama zimenezi n'zomwe zimalipira fizi ndi kugula feteleza kumudzi.